Zala Zoyabwa pa Msika wa Masheya

Pa 1 Epulo 1976, amuna atatu ku California anasainirana pangano loyambitsa kampani ya Apple. Awiriwo mumawadziwa, Steve Jobs ndi Steve Wozniak. Wachitatu anali Ronald Wayne, wamkulu pa onse, amene anapatsidwa magawo 10 pa 100 a kampaniyo kuti aziweruza anyamatawo akayambana. Sipanathe milungu iwiri, mkuluyu mantha anamugwira. Anyamata aja ankatenga katundu pa ngongole, ndipo zikanavuta, woti alandidwe zake anali iyeyo, poti enawo analibe kanthu. Anabweza gawo lake, nalandira $800, napita kukagona tulo tabwino.

Apple lero ndi ya madola opitirira mathiriliyoni atatu. Masamu ake chitani nokha, ena mtima wathu suchedwa kuthamanga.

Nkhani sinathere pomwepo. Patapita zaka, Wayne anapeza pepala la pangano lija m'katundu wake, naligulitsa $500. M'chaka cha 2011 pepala lomwelo linagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pa mtengo woyandikira $1.6 miliyoni. Munthu mmodzi, kampani imodzi, kufulumira kawiri.

* * *

Anthu wamba ogula masheya a makampani a makompyuta, mafoni ndi intaneti ali m'mipingo iwiri. Mpingo woyamba ndi wa ogula n'kukhalira. Amagula Microsoft, n'kuiwala pasiwedi. Mpingo wachiwiri ndi wa zala zoyabwa: kugula m'mawa, kugulitsa masana, kulira madzulo. Mipingo iwiriyi siimwerana madzi, koma nyimbo yotsekera mapemphero ndi imodzi, ya "ndikanadziwa."

* * *

Bambo wina wa kwathu amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Anzake a kuntchito anamuikira pafoni kapulogalamu kogulira masheya a ku America. Chiyambire tsiku limenelo, ikangokwana hafu pasiti thu masana, nthawi imene msika wa ku New York umatsegulidwa kwa wokhala ku Britain, munthu salankhulika. Nsima imazizira pambale, iye maso ali pa timizere tofiira ndi tobiriwira. Mwezi utatha, mkazi wake anamukhazika pansi.

"Abambo, mwezi wonsewu mwadinadina foniyo. Tapindula zingati?"

"Mayi, nkhani izi n'zakuya. Mwachitsanzo, Lolemba lapitali ndinapha mapaundi 40."

"Nanga Lachiwiri?"

"Lachiwiri ndinaphunzira zambiri."

"Lachitatu?"

"Ndinaphunziranso."

"Chabwino. Ndiye sukulu yanuyi fizi yakwana zingati?"

* * *

Mayiyu ali ndi mboni. Akatswiri awiri a za chuma ku California, Brad Barber ndi Terrance Odean, anafufuza maakaunti a mabanja 66,465 a ku America kuyambira 1991 mpaka 1996. Pa zaka zimenezo msika wonse unkakwera ndi 17.9 peresenti pachaka. Mabanja okonda kugulagula ndi kugulitsagulitsa kuposa onse ankapeza 11.4 peresenti. Kusiyanako kwenikweni kunathera m'makomishoni ndi timitengo tina tobisika timene munthu amalipira akamalowa ndi kutuluka. Thukuta linali lawo, koma onenepa anali ena.

Akatswiri omwewo atabwereranso ku manambala awo anapeza kuti amuna amagula ndi kugulitsa kuposa akazi ndi 45 peresenti, ndipo phindu lawo limachepa chifukwa cha zomwezo. Oipitsitsa anali amuna osakwatira, amene anaposa akazi osakwatiwa ndi 67 peresenti. Pamenepa ine sindiwonjezerapo mawu, kuopa kuti abambo ena angaleke kuwerenga tsamba lino. Amayi, dulani ndime ino muimate pachitseko.

Ku Brazil ofufuza ena anatsatira anthu amene anayamba kugula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira masiku opitirira 300, anthu 97 pa 100 alionse anataya ndalama. Amenewatu ndi olimbikira, osafooka, oyenera mendulo.

* * *

Tsopano tifike pa nkhani zimene ndimazikonda kuposa zonse, za anthu ogula kampani yolakwika.

Pa 7 Januwale 2021, Elon Musk analemba timawu tiwiri pa Twitter, kuuza anthu kuti azigwiritsa ntchito Signal. Iye ankanena kapulogalamu kotumizirana mauthenga, kopikisana ndi WhatsApp. Signal imeneyi ndi ya bungwe losafuna phindu, ilibe sheya ngakhale imodzi pamsika. Koma wa chala choyabwa alibe nthawi yofunsa. Anthu anatsegula mafoni, kulemba dzina lija, n'kupeza kakampani kena ka ku Texas kotchedwa Signal Advance, kosadziwika ngakhale kwa oyandikana nako. Dzulo lake sheya ya kakampanika inali masenti 60. Pofika pa 11 Januwale inali pa $38.70. A Signal enieni anachita kulengeza kuti abale inu, si ifeyo amenewo. Anthu anapitiriza kugula.

Choseketsa kwambiri n'chakuti ena ankadziwa bwinobwino kuti ndi kampani yolakwika. Ankagula podalira kuti m'mbuyo mwawo mukubwera wina wosadziwa. Wotsiriza pamzerewo dzina lake silinalembedwe paliponse, koma mkazi wake akumudziwa.

Chaka cha m'mbuyo mwake, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, misonkhano yonse inasamukira pa Zoom. Pamsika wa masheya kampani iliyonse ili ndi zilembo zake zofupikitsa, ndipo za Zoom yeniyeni ndi ZM. Zilembo zoti ZOOM zinali za kampani ina, Zoom Technologies, ya ku China, imene inali itatha zaka osapereka malipoti ake kwa oyang'anira msika. Anthu anaiunjikira mpaka bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, linaimitsa malonda ake pa 26 Malichi 2020. Boma kuchita kugwira anthu akuluakulu dzanja kuti asagule kolakwika.

Akatakwe pa onse anali a mu Okutobala 2013. Atamva kuti Twitter ikubwera pamsika, anathamangira kugula masheya a Tweeter Home Entertainment, sitolo ya mawailesi ndi ma TV imene inagwa kalekale n'kutseka mashopu ake onse. Mtengo unakwera kupitirira kakhumi tsiku limodzi. Twitter yeniyeniyo n'kuti isanayambe n'komwe kugulitsa masheya, inabwera mu Novembala. Anthu anavina ukwati mkwatibwi asanafunsiridwe.

* * *

Mnyamata wina anaimbira foni amalume ake kuti amubwereke ndalama.

"Amalume, pali kampani ina yotentha kwambiri. Tikachedwa tilira."

"Imapanga chiyani kampaniyo, mphwanga?"

"Imakwera, amalume."

"Ndikuti imagulitsa chiyani?"

"Masheya."

Musamuseke kwambiri. Mu Disembala 2017 kampani ya tiyi wozizira wa m'mabotolo ku New York, Long Island Iced Tea, inasintha dzina kukhala Long Blockchain, poti nthawi imeneyo aliyense anali atapenga ndi Bitcoin. Tsiku lomwelo mtengo wa sheya unakwera pafupifupi katatu. M'mabotolo munali tiyi yemwe uja. Chaka chotsatira msika wa Nasdaq unaichotsa pa mndandanda wake.

* * *

Mwina mukuti izi n'za anthu osaphunzira. Tiyeni tikwere kumtunda.

Bill Ackman ndi mpondamatiki wa ku New York, woyendetsa ndalama za anthu olemera, wokhala ndi gulu la ophunzira omuwerengera masamu. Mu Januwale 2022 anagula masheya a Netflix a ndalama zoposa $1 biliyoni, nauza anthu ake kuti wapeza chuma chokhalitsa. Mu Epulo Netflix inalengeza kuti olembetsa ake achepa ndi 200,000, mtengo unagwa ndi 35 peresenti tsiku limodzi, ndipo Ackman anagulitsa zonse, ndalama pafupifupi $400 miliyoni zitalowa m'madzi. Chuma chokhalitsa chija chinakhala miyezi itatu. Tsiku limenelo sheya inali pa madola mazana awiri ndi kanthu. M'chaka cha 2025 inadutsa $1,000.

Masayoshi Son wa kampani ya SoftBank ku Japan anali ndi pafupifupi magawo 5 pa 100 a Nvidia, kampani yopanga tizipangizo ta m'makompyuta timene lero tikuyendetsa AI. Kumayambiriro kwa 2019 anagulitsa zonse pa mtengo wosafika $4 biliyoni, ndipo anapindula ndithu. Pofika 2024 gawo lomwelo likanakhala la madola oposa 150 biliyoni. Mu Novembala chaka chimenecho, pa msonkhano wina ku Tokyo, mkulu wa Nvidia, Jensen Huang, anakumbutsa khamu la anthu kuti Son anali mwini wamkulu wa masheya a kampani yawo. Son anatsamira paphewa la Huang n'kuyerekeza kulira. Anthu anaseka. Ine ndikukayika ngati misozi yonse inali yoyerekeza.

* * *

Apa a mpingo wokhalira aja ayamba kudziguguda pachifuwa. Umboni wawo wokondedwa ndi Amazon, imene inalowa pamsika mu Meyi 1997 pa $18, ndipo amene anagula n'kugona lero ndi zikhwaya. Zoona. Koma amaiwala dala kutchula kuti sheya yomweyo inadutsa $100 kumapeto kwa 1999, n'kugwa kufika pa madola 6 mu 2001. Wogwira osataya pa zaka ziwiri zimenezo anayenera kukhala ndi mtima wa mwala, kapena kukhala kundende kopanda foni.

Umboni wina uli pafupi ndi kwathu. Naspers, kampani ya ku South Africa imene inayamba ndi manyuzipepala, mu 2001 inaika pafupifupi $32 miliyoni m'kakampani ka ku China kotchedwa Tencent, kamene panthawiyo sikankapanga phindu. Inakhalira zaka 17 osagulitsa. Mu 2018 inadula kachidutswa ka magawo awiri okha pa 100 a Tencent, n'kulandira pafupifupi $10 biliyoni. Anthu ambiri a ku South Africa amene penshoni zawo zinali mu Naspers anadyako osadziwa n'komwe kuti Tencent ndi nyama yanji.

Komatu nawonso okhalira ali ndi manda awo. Ku Canada kunali Nortel, kampani ya zipangizo za matelefoni, imene mu 2000 inali yaikulu moti payokha inkadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa makampani akuluakulu a pamsika wa ku Toronto. Okalamba ankaigula ngati yosafa. Mu Januwale 2009 inagwa, sheya ya madola oposa 120 a ku Canada n'kusanduka timasenti. Amene anakhalira anakhaliradi, mpaka mpando unathyoka. Cisco mu Malichi 2000 inali kampani yodula kuposa zonse padziko lapansi, sheya ili pa $80. Kampaniyo sinafe, inkapangabe phindu chaka ndi chaka, koma amene anagula mwezi umenewo anadikira zaka zoposa 20 osaonanso mtengo wake uja. Mwana wobadwa tsiku logula anamaliza sukulu, bambo akudikirabe kuti angobweza mpamba.

Msika wonse wa Nasdaq, kumene kuli makampani ambiri otere, unafika pachimake pa 10 Malichi 2000, pa 5,048. Pofika Okutobala 2002 unali utagwa ndi pafupifupi 78 peresenti, ndipo unadzabwereranso pamalo aja mu 2015. Pets.com, yogulitsa zakudya za agalu ndi amphaka pa intaneti, inalowa pamsika mu Febuluwale 2000 n'kutseka mu Novembala chaka chomwecho. Kumeneko ngakhale wofuna kukhalira sanapeze pokhala.

* * *

Mkulu wina ku Johannesburg anagula masheya Lolemba, nalengeza kwa anzake kuti Lachisanu agulitsa ndipo aliyense adya nyama yootcha pa bilu yake. Lachinayi mtengo unagwa. Lachisanu anzake anafika ndi njala yawo.

"Achimwene, nyama ija?"

"Inu ndinu ana pa nkhani izi. Ine si wa juga wogula lero n'kugulitsa mawa. Masheya amenewa ndagulira adzukulu anga."

Munthuyo alibe mwana, alibe mkazi, ndipo chibwenzi chinatha chaka chatha. Ambiri a mumpingo wokhalira analowa chonchi, kudzera pakhomo la kuseri.

* * *

Katswiri wina wa pa yunivesite ya Arizona State, Hendrik Bessembinder, anawerengera makampani pafupifupi 26,000 amene anakhalapo pamsika wa ku America kuyambira 1926 mpaka 2016. Oposa theka, pa moyo wawo wonse, anapatsa eni masheya zochepa kuposa zimene akanapeza pongobwereketsa ndalama ku boma mwezi ndi mwezi. Chuma chonse chowonjezera chimene msika unabala chinachokera ku makampani 4 pa 100 alionse. Ndiye funso si la kukhalira kokha, koma la dzira limene mwakhalira. Aliyense amakhulupirira kuti lake ndi Amazon.

N'chifukwa chake Warren Buffett, nkhalamba ya ku Omaha, anabetcherana $1 miliyoni ndi kampani ya Protégé Partners kuti thumba losaganiza, longogula makampani 500 akuluakulu a ku America n'kukhala chete, lidzaposa akatswiri osankhasankha pa zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017. Thumba losaganiza lija linakwera ndi pafupifupi 126 peresenti. Matumba asanu a akatswiri, kuwaphatikiza, anakwera ndi pafupifupi 36. Ndalama za kubetchako zinapita ku bungwe lothandiza atsikana ku Omaha. Buffett yemweyo, amene kwa zaka zambiri ankapewa makampani a makompyuta, atalowamo mu 2011 anasankha IBM, nadzatulukamo mopanda chisangalalo. Apple, imene kampani yake inayamba kugula mu 2016, ndi imene inamupukuta misozi. Ngati nkhalamba imeneyi inaphonya koyamba, mlamu wanu wa foni yosweka galasi uja akudalira chiyani?

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo sindibisa: waulesi wogula makampani ambiri pamodzi n'kupita kukagwira ntchito yake amaposa wakhama wodumphadumpha. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

* * *

Lolemba pa 27 Januwale 2025, mbiri inamveka kuti kampani ya ku China, DeepSeek, yapanga AI yamphamvu pa mtengo wotsika. Nvidia inagwa ndi 17 peresenti, madola pafupifupi 590 biliyoni kusungunuka tsiku limodzi, kutaya kwakukulu kuposa kumene kampani ina iliyonse inaonapo tsiku limodzi kufikira pamenepo.

Akuti usiku womwewo, pa maliro ena a kwathu ku Johannesburg, panali bambo wina atakhala pakona, mutu ataweramitsa, kuwala kwa foni kuli pankhope, misozi ili mbwembwembwe. Ankangoti, "Mayo ine, wapita, wapita ndithu." Anamfedwa anakhudzidwa. Mkulu wina wa mpingo anamuyandikira, namugwira paphewa.

"Pepani bambo, limbani mtima. Sitinadziwe kuti inu ndi malemu munali pa ubale wotere."

Bambo uja anadzutsa mutu. "Malemu ake ati?"

Anagulitsa usiku womwewo. Mu Epulo mtengo unatsikanso, iye n'kumayenda chinyachinya, kuuza aliyense kuti anaziona patali. Mu Julayi Nvidia inakhala kampani yoyamba kufika pa madola mathiriliyoni anayi. Chiyambire pamenepo, mukamufunsa za masheya amayankha za mpira.

* * *

Kwathu ku Blantyre, pa Malawi Stock Exchange, oyandikira ku gulu la makampani a makompyuta ndi intaneti ndi makampani a mafoni: TNM, imene inalowa pamsika mu 2008, ndi Airtel Malawi mu 2020. Makampani onse a pamsikawu sakwana 20, ndiye wa chala choyabwa amatha kuwazungulira onse tiyi asanazizire.

* * *

Pali mmodzi amene salira pa nkhani yonseyi. Kapulogalamu ka Robinhood ku America kanatchuka ndi kugulitsa masheya popanda komishoni, ndipo poyamba munthu akagula koyamba, timapepala ta chikondwerero tinkagwa pagalasi la foni ngati wapambana mpikisano. Anadzatichotsa mu 2021 anthu atadandaula kuti akusandutsa msika kukhala masewera. Nanga ngati n'zaulere, iwo amadya chiyani? Amalipidwa ndi makampani akuluakulu a malonda amene amawatumizira maoda a makasitomala awo. Mukagula amadya, mukagulitsa amadya, mukangokhala chete ndiye amadandaula. Mu Disembala 2020 analipira $65 miliyoni ku SEC pa mlandu woti sanafotokozere bwino makasitomala za kadyedwe kameneka.

Wina wosalira ndi wa msonkho. Ku America, phindu la sheya imene mwaisunga chaka chimodzi kapena kuchepera amalidula ngati malipiro a ntchito, mpaka 37 peresenti kwa olemera, pamene la sheya yosungidwa kupitirira chaka amalidula mocheperapo. Ngakhale boma limalipiritsa kuyabwa kwa chala.

* * *

Mayi wina anafunsa mwamuna wake chifukwa chimene amadzukira pakati pa usiku kuyang'ana foni, msika utatsekedwa kale.

"Ndimangofuna kuona ngati zili bwino."

"Zikakhala kuti sizili bwino muchita chiyani usiku uno?"

"Palibe."

"Nanga zikakhala bwino?"

"Palibenso."

"Ndiye zimitsani, anzanu tikulowa ntchito sikisi."

Inu owerenga, ndalama ndi zanu, gulani chimene mtima wanu wakonda. Chopempha changa n'chimodzi: musanadine batani, werengani dzina la kampaniyo kawiri, ndipo musakhudze za lendi.